AMBUYE ROBERT LUCEY, MBUSA WA ALENDO A M'MINDA

Pakati pa maepiskopi a dziko la United States of America amene adatsogola kale kunka kwa Mulungu, alipo ambiri amene mbiri yao ili m'matchalitchi ndi m'masukulu amene adamanga. Koma mbiri ya Ambuye Robert Emmet Lucey, Arkiepiskopi wa San Antonio m'chigawo cha Texas, ili makamaka m'minda ya thonje ndi ya ndiwo zamasamba, kumene amuna ochokera ku Mexico ankagwira ntchito ya kontrakiti pa nyengo yolima ndi yokolola. Amuna amenewa adali alendo, obwera chaka chino ndi kubwerera chaka chomwecho. Adalibe voti, adalibe bungwe lowaimira, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa Chingerezi. Komabe kwa zaka zambiri Ambuye Lucey adawalankhulira pamaso pa eni minda, pamaso pa aphungu a nyumba ya malamulo ndi pamaso pa Pulezidenti wa dziko, kufikira lamulo limene linkawapondereza lidatha. Mbiri ya moyo wao ndi iyi.

Ubwana ndi Unsembe

Robert adabadwa pa 16 Malichi 1891 mumzinda wa Los Angeles, m'chigawo cha California, m'banja la Chikatolika la mtundu wa ku Ireland. Patangopita miyezi iwiri, pa 15 Meyi, Apapa Leo XIII adatulutsa kalata yao yotchuka ya Rerum Novarum, yophunzitsa kuti wantchito si chida cha bwana wake, kuti malipiro ake ayenera kukwanira kumsunga mwaulemu, ndi kuti antchito ali ndi ufulu wogwirizana m'mabungwe ao. Mwanayo ndi kalatayo adabadwa chaka chimodzi, ndipo mwanayo atakula adathera moyo wake pa kulalika zimene zidalembedwamo.

Adaphunzira ku koleji ya St. Vincent ku Los Angeles komweko, kenaka ku seminale ya St. Patrick ku Menlo Park, ndipo potsiriza akuluakulu adamtumiza ku Roma. Kumeneko adalandira unsembe pa 14 Meyi 1916, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati. Atabwerera kwao, Bambo Lucey adatumikira m'maparishi zaka zingapo, ndipo mu 1921 adaikidwa kuti ayang'anire ntchito zachifundo za dayosizi yonse. Masiku amenewo mzinda wa Los Angeles unkalandira anthu ambirimbiri othawa nkhondo yapachiweniweni ya ku Mexico, imene idabuka mu 1910. Amasiye, odwala ndi anjala ankafika pakhomo pao tsiku ndi tsiku. Pa ntchito imeneyi adazindikira chinthu chimene sadachitayenso kufikira imfa: kudyetsa wanjala ndi ntchito yoyera ndithu, koma munthu akagwira ntchito dzuwa lonse nagonabe ndi njala, chimene wamanidwa ndi chilungamo, ndipo mbale ya chifundo singalowe m'malo mwake.

Kuyambira 1929 adali bambo mfumu wa parishi ya St. Anthony ku Long Beach. Mu 1934 Apapa Pius XI adawasankha kukhala Episkopi wa Amarillo, kumpoto kwa Texas, ndipo adadzozedwa pa 1 Meyi chaka chomwecho. Dayosiziyo idali yaikulu malo, koma Akatolika ake adali ochepa ndi osauka. Zidali zaka za chilala choopsa, pamene mphepo inkanyamula dothi la m'minda ndi kuphimba dzuwa masana, ndiponso zaka za umphawi waukulu m'dziko lonse la America. Episkopi watsopanoyo adayambitsa nyuzipepala ya dayosizi, nalimbikitsa maphunziro a katekisimu, nalalika poyera kuti antchito alowe m'mabungwe, monga Apapa Pius XI adaphunzitsira m'kalata ya Quadragesimo Anno ya 1931. Ku Texas mau otere sankakoma m'makutu mwa anthu achuma.

Pa 27 Malichi 1941 adalongedwa pa mpando wa Arkiepiskopi wa San Antonio. Akhristu ao ambiri adali a mtundu wa ku Mexico, koma obadwira ku Texas komweko, nzika zenizeni za America. Ankakhala m'tinyumba tothithikana kumadzulo kwa mzinda, kumene chifuwa chachikulu chinkatha anthu. Chaka ndi chaka, nyengo yofunda ikayamba, mabanja ambiri ankakhoma zitseko zao ndi kukwera malole pamodzi ndi ana ao, kulondola zokolola: thonje ku Texas, mizu yopangira shuga ku Michigan ndi ku Colorado, zipatso kwina ndi kwina. M'malo ena odyera, m'malo ometera ndi m'masukulu ankawasala chifukwa cha khungu lao ndi chilankhulo chao cha Chisipanishi. Izi ndizo nkhosa zimene Ambuye Lucey adazipeza m'khola, ndipo posachedwa padafikanso zina za khola lina.

Pangano la Mikono

Mu Disembala 1941 dziko la America lidalowa m'nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Anyamata ambiri adapita kunkhondo, ena adapita ku mafakitale a zida kumene malipiro adali abwino, ndipo eni minda adalira kuti zokolola ziwolera m'munda. Motero pa 4 Ogasiti 1942 maboma a America ndi Mexico adapangana kuti amuna a ku Mexico azibwera kudzagwira ntchito kwa miyezi yowerengeka ndi kubwerera kwao. Amunawo adatchedwa mabracero, kuchokera ku liwu la Chisipanishi lotanthauza mkono. Dzina lomwelo linkaulula maganizo a olemba ntchito: ankafuna mikono yokha, mkazi ndi ana atsale kumudzi. Gulu loyamba la amuna 500 lidafika ku Stockton, ku California, pa 29 Seputembala 1942.

Pa pepala panganolo lidali lokoma. Lidalonjeza malipiro osachepera masenti 30 pa ola, ulendo waulere popita ndi pobwerera, malo ogona aulere ndi aukhondo, ndiponso ntchito pa magawo atatu mwa anai a masiku a kontrakiti. Lidaletsa kusankhana mitundu, lidaletsanso kulemba alendo pofuna kutsitsa malipiro a eni dziko. Lidapangidwa chifukwa cha nkhondo, koma nkhondo itatha mu 1945 ilo silidathe. Lidakhala zaka 22, ndipo makontrakiti onse pamodzi adakwana pafupifupi 4,600,000. M'chaka cha 1956 chokha adaposa 445,000.

Ulendo wa bracero unkayamba ndi ngongole. Mlimi wosauka wa ku Michoacán, Jalisco, Guanajuato kapena Zacatecas ankagulitsa chiweto chake, kapena kukongola ndalama za katapira, kuti apeze chiphuphu cholembetsera dzina kwa akuluakulu a kwao ndi ndalama yoyendera kunka ku malo olembera anthu, monga Empalme, Chihuahua ndi Monterrey. Kumeneko amuna zikwi zambiri ankagona panja masabata angapo, kudikira kuti dzina liitanidwe. Likaitanidwa, olemba ankayang'ana m'manja mwake ngati ndi mokhakhala ndi khasu, pakuti wa manja osalala ankabwezedwa. Powoloka malire, pa malo monga Rio Vista pafupi ndi El Paso, kapena Hidalgo kumwera kwa Texas, ankawavula zovala onse ali pamzere, kuwapima magazi ndi chifuwa, ndi kuwapopera mankhwala a DDT kumutu ndi thupi lonse. Zitatha izi, nthumwi za eni minda zinkadzasankha amene zawakonda, monga amachitira ogula pa msika wa ng'ombe.

Kumunda ambiri ankagona m'mashedi a malata, pa makama osanjikizana, kutali ndi tauni ndi kutali ndi tchalitchi. Pa chakudya ankawadula dola imodzi ndi masenti 75 tsiku lililonse, chikome chisakome. Ankawadulanso za inshuwalansi ndi zina zotero, ndipo mvula ikagwa, kapena antchito akachuluka maola nachepa, munthu ankatha sabata yathunthu ndi kutsala ndi tindalama tosakwanira kutumiza kumudzi. M'minda ya letesi ndi ya mizu ya shuga ankapalira ndi khasu la mpini waufupi ngati mkono umodzi, ali chiweramire kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Akapitao ankalikonda khasulo chifukwa woimirira kuti awongole msana ankaonekera patali. Lidaletsedwa ku California mu 1975, litapweteka kale misana yosawerengeka. Pa zaka zoyamba za panganolo, gawo limodzi mwa magawo khumi a malipiro linkasungidwa kuti mwini wake akalilandire ku banki atabwerera ku Mexico. Ambiri sadaonepo ndi senti yomwe.

Kumudzi nako kudali mtanda wake. Akazi ankatsala okha ndi munda, ana ndi wangongole, kudikira kalata imene nthawi zina inkachedwa miyezi. Ana ankakula akumva za bambo ao koma osawaona. Amuna ena adadwala nafera kuchilendo, ndipo ena, pochita manyazi kubwerera chimanjamanja, adasanduka machona.

Nanga bwanji sankadandaula? Apa ndiye padagona mtima wa nkhani yonse. Kontrakiti inkamangirira munthu kwa wolemba ntchito mmodzi. Sankaloledwa kuchoka kukafuna bwana wina. Wothawa ankasanduka wolakwira lamulo, wodandaula ankabwezedwa kwao ngongole ili chikhalire, ndipo ankaopa kuti chaka chamawa dzina lake silidzaitanidwanso. Oyendera a boma adali ochepa kwambiri poyerekeza ndi kuchuluka kwa misasa. Tsono munthu ankangofera mumtima ndi kuwerama. Si onse adabwerera opanda kanthu ai: alipo amene adagula malo, makina osokera ndi wailesi, naphunzitsa ana ao, ndipo nchifukwa chake mizere ya olembetsa sinkatha. Koma mwai wa ena suchotsa kuipa kwa lamulo limene limaika moyo wonse wa munthu m'dzanja la mnzake.

Amphawi Awiri pa Mbale Imodzi

Ambuye Lucey adaona zimenezi ndi maso a mbusa wa mbali zonse ziwiri. Bracero adali Mkatolika. Wantchito wa ku San Antonio amene bracero ankamlowa m'malo adalinso Mkatolika, wa mtundu womwewo, wopemphera kwa Amai Maria a ku Guadalupe omwewo. Lamulo linkati alendo alembedwe pokhapokha eni dziko akasowa, ndipo alandire malipiro ofanana ndi a m'deralo. Koma eni minda ankakumana okha nyengo isanayambe, nagwirizana mtengo wotsika. Eni dziko akaukana chifukwa sungadyetse banja, eni minda ankauza boma kuti antchito asowa, ndipo boma linkawapatsa mabracero. Antchito akanyanyala ntchito, mabracero ankalowetsedwa m'munda womwewo. Motero mmphawi wina adasanduka ndodo yomenyera mmphawi mnzake, onse awiri osafuna.

Ku Texas kudalinso vuto lina. Kuyambira 1943 kufikira 1947 boma la Mexico lidakana kutumiza mabracero ku Texas chifukwa cha tsankho loipa la kumeneko. Eni minda sadavutike nazo. Ankalemba anthu owoloka mtsinje wa Rio Grande popanda mapepala, amene ankalandira masenti 15 kufikira 25 pa ola, ndipo amenewa sakadatha kutsegula pakamwa mpang'ono pomwe.

Mu 1945 Ambuye Lucey, pamodzi ndi maepiskopi a zigawo za San Antonio, Santa Fe, Denver ndi Los Angeles, adakhazikitsa komiti ya maepiskopi yosamalira anthu olankhula Chisipanishi, ndipo iwo adakhala mtsogoleri wake. Komitiyo idathandiza kumanga tizipatala ndi malo ophunzitsira katekisimu. M'zaka za m'ma 1950 idagwirizana ndi maepiskopi a ku Mexico kuti ansembe a kumeneko azitsatira mabracero pa nyengo yokolola, kuchita Misa m'misasa ndi kulapitsa amunawo m'chilankhulo chao. Apapa Pius XII, m'chikalata chao cha Exsul Familia cha 1952, adakumbutsa Eklezia yonse kuti Yesu, Maria ndi Yosefe adali alendo ku Ejipito, ndipo ndiwo chitsanzo ndi atetezi a onse ochoka kwao. Koma Arkiepiskopi sadalekere pa masakramenti. Pakuti mbusa amene apatsa Ukaristia munthu wobedwa malipiro, nakhala chete pa za wakubayo, sadatsirize ntchito yake.

Pamaso pa Akulu a Dziko

Mu Juni 1950 Pulezidenti Harry Truman adasankha anthu asanu kuti afufuze za antchito oyendayenda a m'minda, ndipo Ambuye Lucey adali mmodzi mwa iwo. Adayenda m'mizinda yambiri, monga Brownsville ndi El Paso, kumva umboni wa eni minda, wa antchito ndi wa akuluakulu a boma. Lipoti lao lidatuluka mu Epulo 1951. Lidapeza kuti antchito oyendayenda adalipo pafupifupi 1,000,000: theka lao nzika za America, ngati 100,000 mabracero, ndipo ngati 400,000 anthu a ku Mexico opanda mapepala. Lidaonetsa kuti chimene chinkasowa m'minda sichidali mikono kwenikweni, koma malipiro ndi kasungidwe kamene munthu waufulu angakalole. Lidalangiza kuti alendo a kontrakiti asachulukitsidwe, kuti wolemba ntchito anthu opanda mapepala azilangidwa, ndi kuti antchito a m'minda atetezedwe ndi lamulo la malipiro monga anzao a m'mafakitale.

Aphungu adachita zosiyana. Nkhondo ya ku Korea idali itayamba, ndipo eni minda adali ndi abwenzi amphamvu ku Washington. Mu Julayi 1951 nyumba ya malamulo idakhazikitsa lamulo lotchedwa Public Law 78, limene lidapatsa ntchito ya mabracero maziko olimba koposa kale. Mu 1952 aphunguwo adaonjeza kuti kubisa munthu wopanda mapepala ndi mlandu, koma kumlemba ntchito si mlandu ai. Mu 1954 boma lidagwira ndi kuthamangitsa anthu opanda mapepala ambirimbiri, ndipo malo ao adadzazidwa ndi mabracero, amene chiwerengero chao chidakwera kwambiri.

Wina akadataya mtima, koma kuona maso a nkhono nkudekha. Zaka 13 zotsatira Ambuye Lucey sadaleke kulembera aphungu makalata, kulankhula pa misonkhano ndi kudzudzula lamulolo m'manyuzipepala, ndi mau akuthwa osasiya munthu akukayika. Kwa iwo ntchito ya mabracero idali malonda ochititsa manyazi dziko lonse. Sadabweretse chiphunzitso chatsopano. Katekisimu yakale imawerenga machimo anai ofuula kwa Mulungu kumwamba, ndipo awiri mwa iwo ndi kupondereza amphawi ndi kumana wantchito malipiro ake. Yakobo Woyera nayenso m'kalata yake adachenjeza eni chuma za malipiro a anthu okolola m'minda yao. Chachilendo chidali chakuti Arkiepiskopi adanena zimenezi ku Texas, natchula lamulo lake ndi amene ankapindula nalo. Ndipo adayamba kusesa m'nyumba mwao: adalamula kuti omanga nyumba za arkidayosizi azilandira malipiro ovomerezeka ndi mabungwe a antchito, ndipo mu Epulo 1954 adatsegula masukulu onse a Katolika a m'dera lao kwa ana a khungu lililonse, khoti lalikulu la dziko lisanagamule za nkhani ya tsankho m'masukulu mwezi wotsatira.

Mutu umodzi susenza denga. Ernesto Galarza, mbadwa ya ku Mexico yophunzira kwambiri, adayenda m'misasa ya mabracero, kucheza nao ndi kusonkhanitsa timapepala ta malipiro ao, ndipo mu 1956 adatulutsa kabuku koonetsa kusiyana kwa zolembedwa m'kontrakiti ndi zochitika kumunda. Ansembe a arkidayosizi ya San Francisco, Bambo Donald McDonnell ndi Bambo Thomas McCullough, ankachita Misa m'misasa ya ku California ndi kuphunzitsa antchito makalata a Apapa. Ku Washington Bambo James Vizzard, a chipani cha Ajezuiti, ankagogoda pa makomo a aphungu. Mabungwe a antchito ndi mipingo ina yachikhristu adaponyapo mau ao.

Akufa naonso adachitira umboni. Pa 28 Januwale 1948 ndege yobweza anthu ku Mexico idagwa m'chigwa cha Los Gatos ku California, nipha anthu 32. Manyuzipepala ambiri adatchula maina a anthu anai okha a ku America. Anthu 28 a ku Mexico adaikidwa m'dzenje limodzi ku manda a Katolika a ku Fresno popanda maina, ndipo mwala wolembedwa maina ao udaimikidwa mu 2013, patapita zaka 65. Pa 17 Seputembala 1963, pafupi ndi Chualar m'chigwa cha Salinas ku California komweko, lole imene adaisandutsa basi, yodzaza ndi antchito ochokera kumunda, idagundidwa ndi sitima yapamtunda, ndipo amuna 32 adafa. Ngozi imeneyi idachitika aphungu ali mkati mokambirana za tsogolo la lamulolo. Adangoliwonjezera chaka chimodzi chotsiriza, ndipo pa 31 Disembala 1964 ntchito ya mabracero idatha. Makina othyola thonje adathandizapo ndithu, pakuti alimi a thonje sankafunanso mikono yambiri monga kale. Koma chikadapanda kulimbika kwa anthu amene sadaleke kulankhula, aphungu sakadachita nalo manyazi lamulolo.

Mtanda wa Ukalamba

Ambuye Lucey adakhala nao pa Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, kuyambira 1962 kufikira 1965. Pa 20 Januwale 1965 adatsogolera pemphero pa mwambo wolumbiritsa Pulezidenti Lyndon Johnson, mbadwa ya ku Texas ndi bwenzi lao. Kutha kwa kontrakiti ya mabracero sikudathetse umphawi wa m'minda, koma kudapatsa antchito mpata wogwirizana popanda kuopa kuti mawa lomwe alowedwa m'malo. Mu Juni 1966 okolola mavwende a m'boma la Starr, m'malire a Mexico, adanyanyala ntchito, ndipo pa 4 Julayi adayamba ulendo wapansi wa makilomita oposa 600 kunka ku Austin, likulu la Texas, kukapempha malipiro a dola imodzi ndi masenti 25 pa ola. Atafika ku San Antonio kumapeto kwa Ogasiti, Arkiepiskopi wa zaka 75 adawalandira m'katedrale ya San Fernando, nachita nao Misa, navomereza poyera pempho lao, nanenanso kuti ngakhale ndalama imeneyo idali yochepa pa ntchito yolemetsa chotero.

Koma mbiri yoona siibisa zilema. Ambuye Lucey adali munthu wa mwambo wolimba, wozolowera kulamula koposa kukambirana. Ufulu wolankhula umene ankafunira antchito pamaso pa mabwana ao, kudawavuta kuupereka kwa ansembe ao. Mu Febuluwale 1967 ansembe ao awiri, Bambo Sherrill Smith ndi Bambo William Killian, adamangidwa ndi apolisi pothandiza onyanyala aja ku Rio Grande City, m'dayosizi ya eni ake ya Brownsville, kumene adapita popanda chilolezo. Arkiepiskopi adawatumiza ku nyumba ya mbindikiro ku New Mexico ngati chilango. Ambiri adadabwa, pakuti ansembewo ankachita zimene adaphunzira kwa iwo omwe. Chaka chomwecho Ambuye Lucey adaimanso poyera ndi Pulezidenti Johnson pa za nkhondo ya ku Vietnam, zimene zidakhumudwitsa ena mwa abwenzi ao akale. Kusamvana kudakulirakulira, ndipo mu Seputembala 1968 ansembe 51 adalembera Apapa Paul VI kupempha kuti Arkiepiskopi wao apume. Mu 1969, ali ndi zaka 78, adatula pansi udindo wao. Adakhala zaka 8 mwakachetechete, namwalira ku San Antonio pa 1 Ogasiti 1977 ali ndi zaka 86.

Chimene Adasiya

Mbeu imene adafesa idamera iwo akali moyo. Pa 5 Meyi 1970, ku San Antonio komweko, adadzozedwa Ambuye Patrick Flores, episkopi woyamba wa mtundu wa ku Mexico wobadwira ku America. Makolo ao adali antchito oyendayenda a m'minda, ndipo iwo eni adathyolapo thonje ali mwana. Mu 1979 adakhala Arkiepiskopi wa San Antonio, pa mpando womwe uja wa Ambuye Lucey.

Mabracero okalamba adamenyera ndalama zao zosungidwa zija zaka zambiri, ndipo mu 2005 boma la Mexico lidavomera kupereka mapeso 38,000 kwa aliyense wokhala ndi mapepala otsimikizira. Ochuluka adali atafa kale, ndipo ena adali atataya mapepalawo. Ntchito ya kontrakiti nayonso idabweranso ndi dzina lina. Lamulo la 1986 lidakhazikitsa ziphaso zotchedwa H-2A za antchito a m'minda a kanthawi, ndipo mu 2023 ziphaso zotere zidaposa 300,000, zochuluka kwa anthu a ku Mexico. Dziko la Canada nalonso lakhala likulandira antchito a m'minda a ku Mexico kuyambira 1974. Malipiro adakwera, malamulo adachuluka, koma chiphaso cha H-2A chimamangirirabe munthu kwa wolemba ntchito amene adamuitanitsa. Funso limene Ambuye Lucey adafunsa likadali kudikira yankho.

Makolo adati mlendo ndi mame. Tanthauzo lake nlakuti mlendo sakhalitsa, choncho msamaleni msanga asanachoke. Eni minda aja adautembenuza mwambiwo: popeza sakhalitsa, mfinyeni msanga asanachoke. Ambuye Lucey adaima pa tanthauzo loyamba, limene ndi la Eklezia, ndipo adalipira mtengo wake. Mkhristu aliyense amene alemba mnzake ntchito, kaya pa munda waukulu kaya pa ganyu ya tsiku limodzi, ayenera kudzifunsa ngati waitana mikono yokha kapena munthu wathunthu, wolengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, amene ali ndi dzina, banja ndi mzimu. Mulungu wachifundo akhululukire mtumiki wake Robert zolakwa zake, ndi kumlandira kwao pamodzi ndi okolola aja amene adawalankhulira.